Mmene Madokotala ndi Ofufuza Adagwirizanirana Polimbana ndi Khansa ya Nsagwada

Kholo likafika pa chipatala chaching'ono ndi mwana wotupa tsaya, limaona anthu owerengeka okha: wolemba makadi, namwino, ndi dokotala wopima mwanayo. Likatumizidwa ku chipatala chachikulu limaonanso ena angapo. Komatu mankhwala amene mwanayo akalandire kumeneko sadapezedwe ndi munthu mmodzi ayi. Adapezeka chifukwa chakuti anthu a ntchito zosiyana, okhala m'maiko otalikirana, adavomera kuuzana zimene aliyense adaona. M'phunziro la mwezi uno tiona mmene mgwirizano umenewu udayambira, mabungwe amene amausunga, ndiponso mbali imene inu makolo muli nayo pa ntchitoyi. Chitsanzo chathu ndi nthenda imene imagwira ana ambiri m'dziko lathu lino, yotchedwa khansa ya Burkitt.

Magulu awiri a antchito

Anthu olimbana ndi khansa tingawagawe pawiri. Gulu loyamba ndi la madokotala ndi anamwino a m'zipatala. Amenewa ndiwo amaona wodwala ndi maso, kumukhudza ndi manja ndi kumva madandaulo a abale ake. Amadziwa mmene nthenda imayambira ndi mmene imathera, koma ntchito imawachulukira, ndipo kawirikawiri sakhala ndi zipangizo zofufuzira gwero la nthendayo. Gulu lachiwiri ndi la akatswiri a kafukufuku. Iwowa amagwira ntchito m'malabotale, momwe muli makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Ena mwa iwo amatha chaka chathunthu osaona wodwala ngakhale mmodzi.

Tsono taonani vuto lake: amene ali ndi odwala alibe makina, ndipo amene ali ndi makina alibe odwala. Makolo athu adanena kuti mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake padakhazikitsidwa mabungwe osonkhanitsa magulu awiriwa. Mabungwe otere amaitanitsa misonkhano, amasindikiza zimene mamembala awo apeza, amaphunzitsa madokotala achinyamata, ndiponso amathandiza zipatala za m'maiko osiyana kuti zigwirizane pa njira imodzi yoperekera mankhwala, kuti pambuyo pake ziyerekeze zotsatira zake.

Kodi khansa ya Burkitt n'chiyani?

Thupi la munthu lidapangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono totchedwa maselo. Maselo amagawikana mwadongosolo kuti thupi likule ndi kuti mabala apole, ndipo ntchito ikatha amaleka. Khansa imayamba pamene selo lina lasokonekera n'kuyamba kugawikana kosaleka. Ya Burkitt imayambira m'maselo oyera a magazi, omwe ntchito yawo ndi kuteteza thupi ku matenda. Imapezeka kwambiri mwa ana a zaka zapakati pa 4 ndi 10, ndipo anyamata amadwala kuposa atsikana. Chotupa chake chimaonekera pa nsagwada, kuseri kwa diso kapena m'mimba, ndipo nthawi zina chimapana msana mwana n'kufooka miyendo.

Khansa imeneyi imakula mwaliwiro zedi, pakuti maselo ake angathe kuchuluka kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri okha. Mwana amene sadalandire chithandizo angathe kumwalira m'miyezi yochepa. Komabe liwiro lomwelo ndilo limachititsa kuti imve mankhwala, popeza mankhwala a khansa amapha makamaka maselo amene akugawikana msanga.

Dokotala wa ku Kampala

Denis Burkitt adabadwira ku Ireland m'chaka cha 1911 ndipo adali dokotala wa opareshoni pa chipatala cha Mulago, mumzinda wa Kampala ku Uganda. M'chaka cha 1957 dokotala mnzake, Hugh Trowell, adamuitana kuti aone mnyamata wa zaka 5 amene adatupa nsagwada mbali zonse ziwiri, kumwamba ndi kumunsi komwe. Patangopita masabata ochepa, Burkitt adaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi pa chipatala cha ku Jinja, ndipo ameneyu adalinso ndi chotupa m'mimba. Zimenezi zidamukayikitsa. Adabwerera ku Mulago n'kuyamba kufukula makadi akale a odwala, ndipo adapezamo ana ambiri amene adadwala mofanana. M'chaka cha 1958 adasindikiza nkhani ya ana 38 otere.

Burkitt ankadziwa mpeni wa opareshoni, koma kuzindikira mtundu wa chotupa idali ntchito ya ena. Akatswiri awiri opima minofu pa sukulu ya madokotala ya Makerere, Gregory O'Conor ndi Jack Davies, ndiwo adaika tizidutswa ta zotupazo pa makina oonera tinthu tating'ono n'kupeza kuti cha pa nsagwada ndi cha m'mimba ndi nthenda imodzi, yochokera m'maselo oteteza thupi. Apa ndi pamene magulu awiri aja adayamba kugwirana manja.

Ulendo wodzera kwathu kuno

Pofuna kudziwa kumene nthendayi imapezeka, Burkitt adasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwala n'kutumiza ku zipatala za boma ndi za mishoni m'maiko ambiri a mu Africa, kufunsa ngati adaonapo zotere. Kenaka mu Okutobala 1961 adanyamuka pa galimoto yakale ya Ford pamodzi ndi madokotala awiri a mishoni, Ted Williams ndi Cliff Nelson. Adayenda masabata 10, mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, ndipo adafika pa zipatala zoposa 50. Dziko lathu, lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, lidali limodzi mwa maiko amene adayendera.

Paliponse ankafunsa antchito a pa chipatala funso lomwelo, n'kulemba pa mapu kumene ana odwalawo ankachokera. Adapeza kuti nthendayi imatsata kutentha. Kufupi ndi Uganda inkasowa m'malo okwera kuposa mamita 1,500, pamene chakuno kwathu inkasowa m'malo okwera kuposa mamita 900, koma inkachuluka m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa zotentha. Pambuyo pake kudadziwikanso kuti imasowa m'madera ouma kumene mvula imagwa yochepa. Katswiri wa tizirombo wa ku Entebbe, Alexander Haddow, ataona mapuwo adazindikira kuti akufanana ndi mapu a matenda ofalitsidwa ndi tizirombo touluka. Patapita zaka kudatsimikizika kuti khansayi imachuluka kumene malungo savuta kugwira ana chaka chonse. Onani kuti nzeru imeneyi idachokera m'zipatala zakumidzi, kwa antchito amene ankalemba bwino dzina la mudzi wa wodwala aliyense.

Kachirombo kopezeka ku London

Miyezi ingapo ulendo uja usadayambe, mu Marichi 1961, Burkitt adakakamba za nthendayi pa chipatala cha Middlesex ku London. Mwa omvera mudali wofufuza wina dzina lake Anthony Epstein, amene ankaphunzira za mavairasi oyambitsa zotupa mu nkhuku. Vairasi ndi kachirombo kakang'ono koposa, kosaoneka ngakhale pa makina wamba a m'labotale. Atamva kuti pali khansa yotsata nyengo, Epstein adaganiza kuti mwina vairasi ikukhudzidwa. Awiriwo adapangana kuti tizidutswa ta zotupa tizitumizidwa pa ndege kuchokera ku Kampala kupita ku London.

Kwa zaka zoposa ziwiri Epstein adafufuza osapeza kanthu. Mu Disembala 1963 ndege ina idalephera kutera ku London chifukwa cha nkhungu, n'kukatera ku Manchester. Kadutswa ka chotupa kadafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu ngati aonongeka. Epstein sadataye. Atayang'ana pa makina adaona kuti adali maselo amoyo a chotupa amene ankayandama m'madzimo. Adawasunga mpaka adachulukana, ndipo m'chaka cha 1964, pamodzi ndi anzake Yvonne Barr ndi Bert Achong, adaonamo vairasi imene inali isanadziwike. Lero imatchedwa vairasi ya Epstein-Barr, ndipo ndiyo vairasi yoyamba kupezeka kuti imakhudzana ndi khansa ya anthu.

Umboni wina udachokera kwa anthu akumudzi. Kuyambira m'chaka cha 1972, ofufuza a nthambi ya khansa ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO adatenga magazi a ana pafupifupi 42,000 m'dera la West Nile ku Uganda n'kuwasunga. Mwa anawo, ochepa adadzadwala khansayi, ndipo magazi awo akale ataunikidwa adaonetsa kuti vairasiyo idali itachita mphamvu m'thupi mwawo kale chotupa chisanaoneke. Zotsatira zake zidasindikizidwa m'chaka cha 1978.

Apa pafunika kumvetsa bwino. Pafupifupi munthu aliyense amatenga vairasi imeneyi, kawirikawiri ali mwana, kudzera m'malovu, ndipo ochuluka zedi sadwala khansa moyo wawo wonse. Vuto limadza pamene mwana watenga vairasiyo ali wamng'ono, kenaka n'kumadwala malungo kawirikawiri. Malungo amachititsa maselo oteteza thupi kugawikana kwambiri ndiponso amafooketsa mphamvu ya thupi yoletsa vairasi ija, kotero mwa ana ochepa selo limodzi limasokonekera n'kusanduka khansa. Motero khansa ya Burkitt sipatsirana, si ufiti, ndipo si chilango cha cholakwa cha makolo.

Mabungwe alowapo

Opareshoni sinkathandiza ana amenewa, pakuti nthendayo inkakhala itafalikira kale. Cha m'ma 1960 Burkitt ku Kampala, Peter Clifford ku Nairobi ndi Victor Ngu ku Ibadan m'dziko la Nigeria adayamba kuyesa mankhwala a khansa monga methotrexate ndi cyclophosphamide, ena mwa iwo mothandizana ndi ofufuza a ku New York. Zotsatira zidadabwitsa: zotupa zikuluzikulu zinkaphwa m'masiku ochepa, ndipo ana ena adachiriratu. Koma dokotala aliyense adali ndi odwala ochepa ndi muyeso wakewake wa mankhwala. Padafunika malo okumanirana.

Bungwe limene lidapereka malowo ndi la UICC, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1933 ndipo likulu lake lili ku Geneva. Ilo limasonkhanitsa mabungwe a khansa a m'maiko ambiri, ndipo ndilo limatsogolera tsiku lokumbukira khansa pa 4 Febuluwale chaka chilichonse. M'chaka cha 1963 lidachititsa msonkhano ku Paris wokamba za zotupa za mtundu umenewu mu Africa, ndipo m'chaka cha 1966 lidachititsa wina ku Kampala wokamba za mankhwala ake. Kumeneko ochiza ndi ofufuza adakhala pansi pamodzi n'kuyerekeza zimene adapeza. Chaka chotsatira, cha 1967, sukulu ya Makerere mogwirizana ndi bungwe la boma la America lofufuza za khansa idatsegula malo ochizira ndi kufufuzira nthendayi ku Kampala, omwe adakula n'kukhala Uganda Cancer Institute. Antchito ake ankalondola ana mpaka kumidzi kuti adziwe amene adachiradi ndi amene nthenda idawayambiranso.

M'chaka cha 1969 madokotala a khansa ya ana adakhazikitsa bungwe lawo la dziko lonse lotchedwa SIOP. Ndipo m'chaka cha 1982, pa msonkhano waukulu wa khansa mumzinda wa Seattle ku America, madokotala angapo kuphatikizapo Victor Ngu, yemwe kwawo kudali ku Cameroon, adayambitsa bungwe la AORTIC, loona za kafukufuku ndi maphunziro a khansa mu Africa. Cholinga chawo chidali chakuti mavuto a khansa a mu Africa azifufuzidwa ndi anthu amene amawaona tsiku ndi tsiku.

Phindu lake kwathu kuno

M'maiko olemera ana 9 mwa 10 alionse odwala khansa ya Burkitt amachira. Koma mankhwala a kumeneko ndi amphamvu kwambiri, ndipo amafuna magazi ambiri owonjezera, mankhwala okwera mtengo olimbana ndi matenda ena, ndi anamwino ochuluka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Pulofesa Elizabeth Molyneux wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Pulofesa Peter Hesseling wa ku South Africa, pansi pa dzina la SIOP, adayamba kuyesa njira zoyenera zipatala zathu. Adapeza kuti mankhwala amphamvu ankaphadi chotupa, koma ana ena ankamwalira chifukwa cha ukali wa mankhwalawo, popeza ambiri ankafika matupi atafooka kale ndi kusowa zakudya. Choncho adasintha muyeso kangapo, akulemba bwino zotsatira za mwana aliyense. M'chaka cha 2009 adasindikiza zotsatira za njira ya masiku 28 okha, yotsika mtengo, imene idapulumutsa pafupifupi theka la ana amene adailandira. Kuchokera pamenepo njira zoperekera mankhwala zakhala zikukonzedwabe, makamaka kwa ana amene nthenda yawo yafika patali.

Ofufuza a ku Blantyre adachezanso ndi makolo odikirira ana m'chipatala, ndipo adapeza kuti chimene chimavuta mabanja ambiri ndi ndalama zoyendera ndiponso kusiya pakhomo ndi minda kwa nthawi yaitali. Mawu a makolo amenewa adathandiza madokotala kuona kuti kuchiza mwana kumafunanso chakudya ndi thandizo la ulendo.

M'chaka cha 2018 bungwe la WHO lidakhazikitsa cholinga chakuti pofika 2030, ana 60 mwa 100 alionse odwala khansa pa dziko lonse azichira, ndipo khansa ya Burkitt ndi imodzi mwa mitundu 6 imene idaikidwa patsogolo. Cholinga chimenechi sichingatheke ngati ana afika kuchipatala mochedwa.

Mbali yanu, makolo

Choyamba, dziwani zizindikiro. Mwana akatupa tsaya kapena nsagwada ndipo chotupacho chikukulirakulira m'malo mophwa, mano akayamba kugwedera pa chotupapo, diso likayamba kutuluka, mimba ikakula msanga ndi kulimba, kapena miyendo ikafooka mwadzidzidzi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Matsagwidi amaphwa okha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, koma chotupa cha khansa sichibwerera m'mbuyo. Ngakhale nthendayi imachuluka kunyanja ndi m'zigwa, mwana wa kumtunda angathenso kudwala.

Chachiwiri, musatemere mphini pa chotupa ndipo musazule mano ogwederawo kunyumba. Sabata iliyonse yotayika pofunafuna amene walodza mwana imapatsa mpata nthenda kufalikira. Mukapatsidwa kalata yopita ku chipatala cha boma la kwanu, kapena ku chipatala chachikulu monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu ku Lilongwe, musadikire kukolola.

Chachitatu, lolani madokotala kutenga kadutswa ka chotupa kapena timadzi take ndi singano. Zotupa zambiri zimafanana pozionera kunja, ndipo wopima m'labotale yekha ndiye angadziwitse dokotala mtundu wake kuti apereke mankhwala oyenera.

Chachinayi, malizani mankhwala onse. Chotupa chikaphwa m'masiku oyamba, makolo ena amaganiza kuti mwana wachira n'kuthawa naye m'chipatala. Maselo otsala amayambanso kukula, ndipo nthenda yobwerera imavuta kuchiza. Mankhwalawa angathe kusanzitsa mwana, kuthothola tsitsi ndi kutulutsa zilonda m'kamwa, koma zimenezi zimatha ndipo tsitsi limameranso. Mwana wolandira mankhwala a khansa akatentha thupi, thamangirani naye kuchipatala ngakhale usiku, pakuti chitetezo chake chimakhala chotsika. Mupatseni chakudya chopatsa mphamvu monga phala lothira nsinjiro, mazira, nsomba ndi nyemba.

Chachisanu, nenani molondola dzina la mudzi wanu, mfumu yanu ndi nambala ya foni ngati ilipo, ndipo bwererani kuchipatala pa masiku onse amene mwauzidwa, ngakhale mwana akuoneka wathanzi. Khadi la mwana wanu ndilo limauza madokotala ngati mankhwala akugwira ntchito, monga momwe makadi akale a ku Mulago adathandizira Burkitt. Mukapemphedwa kuti mwana alowe m'kafukufuku, muli ndi ufulu wofunsa mpaka mutamvetsa, ndiponso ufulu wokana popanda kumanidwa chithandizo.

Chachisanu ndi chimodzi, tetezani ana ku malungo. Agonekeni m'neti usiku uliwonse, ndipo akatentha thupi kayezetseni msanga.

Pomaliza, mawu kwa mafumu, a mipingo ndi achibale. Banja limene mwana wake wagonekedwa ku chipatala chakutali lisasiyidwe lokha. Lithandizeni kupalira munda, kusunga ana otsala ndi kupeza ndalama ya ulendo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mabungwe a akatswiri angathe kusonkhana ku Paris, ku Kampala kapena kwina kulikonse, koma ntchito yawo yonse imadikira chinthu chimodzi: kuti mwana afike kuchipatala nthawi ikadalipo, ndipo akhale komweko mpaka mankhwala atatha.

Mafunso okambirana

1. Kodi ntchito ya dokotala wa m'chipatala imasiyana bwanji ndi ya wofufuza wa m'labotale, ndipo n'chifukwa chiyani awiriwa amafunana?

2. Tchulani zinthu ziwiri zimene zikakumana m'thupi la mwana zingayambitse khansa ya Burkitt.

3. Kodi chotupa cha khansa mungachisiyanitse bwanji ndi matsagwidi?

4. N'chifukwa chiyani n'koopsa kuchotsa mwana m'chipatala chotupa chikangophwa?

5. Kodi mudzi wanu ungathandize bwanji banja limene mwana wake akulandira mankhwala kutali?